Marsaili wa Supuni ndi Kamgolo ka M'dambo

Pachilumba chathu, kumadzulo kwa Scotland kumene mtunda umathera m'nyanja, panalibe munthu wobadwa osadutsa m'manja mwa Marsaili. Ankamutcha Marsaili wa Supuni, chifukwa kulikonse kumene ankapita, m'thumba la chovala chake munkakhala kasupuni ka nyanga ya nkhosa ndi kabotolo ka wisiki kokulunga m'sokosi yakale. Anali wamfupi, wa mapewa otakata, ndipo poyenda ankaweramira kutsogolo ngati wabereka dengu ngakhale kumsana kulibe kanthu.

Uzambawu anauphunzira kwa azakhali ake a Gormal, akadali kamtsikana. Azakhaliwo sankaphunzitsa ndi pakamwa. Ankangomuuza kuti atenthetse madzi kapena agwire nsalu, zina zonse aone yekha. Ndiye anaona. Khanda likangolira koyamba, ankaviika nsonga ya supuni m'wisiki n'kulikhudzitsa palilime, kuti lifunde m'kati lisanadziwe kuti kunja kuno kumazizira. Mayi wochira kumene ankam'patsa wosakaniza ndi batala ndi ufa wokazinga. Wodwala dzino ankavumata. Mwana womera mano ankamutikita m'nkhama ndi chala chonyowa, n'kugona tulo tokoma mpaka amake kuchita mantha. Msodzi amene am'vuula m'madzi atauma gwa ngati thabwa ankamutikita mapazi ndi pamtima, kenako n'kumumwetsa wotentha pang'onopang'ono. Dokotala anali kutsidya, ulendo wa bwato wodikira nyengo, moti ambiri a ife tinakula tikungomumva dzina.

Marsaili anakwatiwa ndi Fearchar, mnyamata wamtali wosachedwa kuseka, amene ankatcheza wisiki m'phanga la kuseri kwa phiri. Masiku amenewo mudzi uliwonse unali ndi mphika wake wobisika, ndipo anthu a boma ankatulukira mwadzidzidzi kudzaswa miphika ndi kulanda migolo. Chaka choyamba cha banja lawo, m'mawa wina, panaoneka matanga a bwato la anthu a boma akulowa padoko. Fearchar anali atangodzaza kamgolo kamodzi ka wisiki wa balere wa m'munda mwawo. Anakanyamula awiri, iye ndi Marsaili, akuthamanga, akugwa, akuseka, mpaka kudambo kumene banja lawo linkadula zidina zosonkhera moto. Mitengo kwathu kulibe, timawotha dothi lakuda la m'dambo, lodula ngati zidina n'kuyanika, ndipo nyumba iliyonse ili ndi khoma lake lodulapo, lofika m'chifuwa. Anakumba m'tsinde mwenimweni mwa khoma lawo, n'kukwirira kamgoloko, n'kubwezerapo udzu.

"Tidzafukula pa ukwati wa mwana wathu woyamba," anatero Fearchar akupukuta manja pa siketi ya mkazi wake.

"Mwana wake uti? Mwamuona kuti?"

"Ali m'njira. Akungochedwa ngati amake."

Mwanayo anabweradi, anam'patsa dzina lakuti Eachann. Koma asanayambe kuyenda, kunafika mlaliki wina wochokera kumpoto, wa mawu ogwedeza nthiti, ndipo chilumba chonse chinalira misozi. Amuna anaswa okha miphika imene boma linalephera kuipeza. Wisiki anayenda m'ngalande mpaka abakha kudzandira. Fearchar analumbira pamaso pa anthu kuti sadzamwanso, ndipo m'kupita kwa zaka anakhala mkulu wa mpingo, wa chipewa chakuda ndi nkhope yosasekeka pa Sabata. Za kamgolo sanazitchulenso. Marsaili naye sanafunse. Pa ukwati wa Eachann anthu anamwa mkaka, n'kubalalika dzuwa lisanalowe.

Abusa amene anatsala nafe anali munthu wodziwa kuti ana sasiya kubadwa. Anagamula kuti wisiki wa m'supuni ndi mankhwala, asunge ndi Marsaili yekha, koma wa m'kapu asaonekenso. Choncho botolo linkabwera pa bwato la katundu lochokera kutsidya, pamodzi ndi mchere ndi singano, ndipo Fearchar ankayang'ana kudenga pamene mkazi wake akuliika m'bokosi.

Chaka chimene Fearchar anadwala, onse awiri mitu itayera, mphepo ya nyengo yozizira inakana kutha. Nyanja inangokhala thovu lokhalokha, bwato la katundu osaoneka. Botolo linathera pa mapasa amene anabadwa kumapeto kwa mudzi. Eachann anali kutali ku usodzi, panyumba panatsala mkazi wake Raonaid, mtsikana wa mtima wabwino ndi pakamwa pofulumira. Ndiye tsiku lina nkhalamba ija, Fearchar, inapita kukazula nkhosa imene inatitimira m'matope, n'kubwera itanyowa mpaka m'khosi. Posakhalitsa chibayo chinamugwira. Kupuma kwake kunkamveka ngati timiyala ta m'mbali mwa nyanja funde likamabwerera.

Marsaili anayesa zina zonse. Anamuika phala lotentha pachifuwa lokulunga m'nsalu, anam'mwetsa mafuta a nsomba, anawiritsa masamba owawa a kuphiri. Thupi linkatentha ngati mwala wa pamoto koma thukuta osatuluka. Iye ankadziwa bwino chimene azakhali ake akanachita: wisiki wotentha wothira uchi, supuni ndi supuni, wina wotikita pamsana, mpaka khungu litseguke. Popanda zimenezo, ankaona kuti mwamuna wake sadzaona udzu ukuphuka. Anatuma Raonaid nyumba ndi nyumba, ndipo anabwera chimanjamanja.

"Onse akuti ndi oyera mtima, amayi. Ngakhale a Lachlann a mphuno yofiira aja akuti fungo lake sakulidziwa n'komwe."

"Mphuno imene ija inafiira ndi mapemphero?"

"Ndawafunsa zomwezo. Andimasulira galu."

M'mawa mwake Marsaili anavala nsapato za mwamuna wake n'kutenga fosholo kuseri kwa chitseko.

"Mukupita kuti ndi fosholo, odwala ali gone?" anafunsa Raonaid.

"Kukatenga mankhwala."

"Kudambo?"

"Uziwamwetsa madzi apongozi akowa. Usalole kuti agone chagada."

Kudambo kunali nkhungu yothithikana, yoti munthu akatambasula dzanja zala zimaoneka ngati za wina. Khoma lawo linali pomwepo, lakuda, likudontha madzi. Anayambira pamwala wa malire n'kumakumba m'tsinde mwake, dzenje ili, kusuntha pang'ono, dzenje lina. Dothi la m'dambo ndi lofewa ngati batala, koma likanyowa limalemera, ndipo dzenje lililonse linkadzaza madzi ofiirira asanamalize kulikumba. Nthawi zina ankaona nkhope yake m'madzimo ikugwedezeka, nthawi zina ankaona ngati ndi ya azakhali ake. Kwinakwake m'nkhungumo mbalame ya mlomo wautali inkalira ngati ikuitana munthu amene anasamuka kalekale. Anakumba mpaka kungalande kumene khoma limathera. Sanapeze kanthu koma mizu.

Pofika kunyumba anapeza Fearchar ali maso, atatsamira pa phewa la Raonaid. Maso ake ankanyezimira ndi kutentha kwa thupi, koma nzeru zinali zitabwerera pang'ono.

"Amake Eachann, mwachokera kuti? Mukununkha dambo."

"Ndimakafuna kamgolo kathu."

Chidina china chinagumuka pamoto.

"Kamgolo kati?" anatero Raonaid.

"Usafunse za anthu akuluakulu, iwe. Amako anali asanakwatiwe." Fearchar anapuma kaye, akufunafuna mpweya. "Mwakumba pati?"

"M'tsinde mwa khoma, pomwe tinakasiya. Kuyambira pamwala mpaka kungalande. Kaya wina anaba kale, kaya dambo linameza."

Phewa la Raonaid linayamba kugwedezeka. Mtsikanayo ankayesa kuti nkhalambayo ikukomoka, koma inali kuseka, kuseka kopanda mawu kumene kunathera m'chifuwa chachitali.

"Khoma liti? La leroli?"

"Tili ndi makoma angati, abambo inu?"

"Mayi inu, mayi inu. Khoma lija munalibereka nokha kumsana, dengu ndi dengu, n'kuliphikira phala. Lina munatenthetsera madzi a ana a eni. Ili mwakumbali ndi mdzukulu wake."

Marsaili anakhala pansi, nsapato zamatope zili kumapazi. Inali nkhani yoti ngakhale mwana akuidziwa. Chaka chilichonse mvula ikachepa amuna amasenga nkhope ya khoma, akazi n'kututa, ndipo khomalo limabwerera m'mbuyo pang'ono, kulowera kuphiri, kusiya pansi pafulati pomwe amayalapo udzu kuti pamerenso. Koma diso lomaliona chaka ndi chaka limati lili pamalo pomwepo, monga mayi saona mwana wake akukula, amangodabwa malaya akuthina. Kamgoloko sikanapite kulikonse. Kanatsala kumbuyo, pakati pa chigwa chachikulu chimene awiriwo anachidula ndi manja awo kuyambira ali anyamata.

"Ndiye linali pati nthawi imeneyo? Kumbukirani."

Koma Fearchar anali atachokanso. Ankayang'ana khoma la nyumba ngati pali zenera. "Matanga aja alowa padoko," ananong'ona. "Gwira uko, Marsaili. Usaseke, utigwetsa."

Raonaid anam'goneka cham'mbali n'kumufunditsa. "Chigwa chonse chija simungachikumbe, amayi. Mufa inu, iwo akadali moyo."

"Sindikumba chonse."

Ankaganiza za amuna amene amafuna mitengo ya denga. Pansi pa dambo lathu pagona mitengo yakalekale, ya nthawi imene chilumba chinali ndi nkhalango, ndipo munthu akafuna mtanda amalawirira dzuwa lisanakwere n'kumayang'ana udzu. Pamwamba pa thabwa lokwiririka mame sakhalitsa. Udzu wonse umayera, koma pamenepo pamada, n'kujambula msinkhu wa mtengo umene uli pansi. Chofunika ndi m'mawa wa bata.

"Nanga mukakapeza, adzamwa? Akulu a mpingo?"

"Adzamwa. Ndinamwetsapo anthu amakani kuposa awa, ena asanamere n'komwe mano."

Kutacha, mphepo inali itagona koyamba m'nyengo yonseyo. Utsi wa nyumba zonse unkakwera chilili. Marsaili anabereka dengu, fosholo m'dzanja ili, ndodo yachitsulo yobayira pansi m'dzanja linalo. Atafika pakhoma anatembenuka, kulipatsa msana, n'kuyang'ana chigwa chonse mpaka kunyanja. Chinali mbuu ndi mame, ngati wina wayanika nsalu yaukwati usiku n'kuiwala kuanula.

Anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Pafupi ndi khoma udzu unali wosagwirana, zigamba zake zikuonekabe mmene Raonaid anaziyalira chaka chathachi, mokhotakhota chifukwa cholongolola. Patsogolo pang'ono zigambazo zinali zitalumikizana. Anadutsa pamene Fearchar anathyolera mpini n'kutukwana mawu osayenera mkulu wa mpingo, kenako n'kuyang'ana uku ndi uku. Anadutsa pa kamtumbira pamene ankakhala kudya mbatatesi zozizira ndi mchere, Eachann ali mnyamata wa mawu osweka. Mapazi ankatitimira pang'ono n'kutuluka ndi kaphokoso ngati ka mwana woyamwa.

Panali mzere wina wokhota, wotumphuka kuposa inzake. Anaima. Chaka chimenecho iye sanabwere kudambo. Anali atabereka kamtsikana kamene sikanalire, ndipo supuni yake yomwe, imene inadzutsa ana ambiri a anthu ena, inangonyowetsa milomo yozizira. Anansi ndiwo anadzadula zidina m'malo mwawo, mofulumira, mwa njira yawo, ndipo mzere unakhota. Marsaili anawerama n'kusisita udzu wa pamenepo mpaka chikhatho chinanyowa. Kenako anaudumpha.

Kupitirira apo nthaka inali yakale, tchire lofika m'mawondo, lolimba ngati silinadulidwepo. Dzuwa linali litangosuzumira paphewa la phiri, ndipo nthunzi inayamba kunyamuka pansi, yopyapyala, yoyenda ngati nkhosa zosafuna kudzuka. M'nthunzimo anaona anthu awiri akuthamanga atanyamulizana kanthu, wamtali patsogolo, wamfupi pambuyo tsitsi lili balala. Wamfupiyo anapunthwa, n'kumveka kuseka. Marsaili sanachite mantha. Anangoona kuti mtsikanayo sanavale mpango, n'kuganiza kuti adwala chimfine. Atapukuta m'maso panali nthunzi yokha.

Anagwada, n'kutsitsa mutu mpaka tsaya kukhudza udzu, kuti aone mame mopingasa ndi kuwala. Patali pang'ono panali mzere wakuda, wautali. Anabaya pansi ndi chitsulo chija, chinagunda cholimba, koma anadziwa ndi dzanja kuti ndi thunthu la mtengo. Anagwadanso pena. Mawondo ananyowa, dzuwa likukwera, ndipo kumbali ya kunyanja mame anali atayamba kale kuuma paliponse. Anakwawa ngati mwana, dengu likumugunda m'khosi. Kuseri kwa chitsamba china, mumthunzi momwe munali mukadali moyera, munali kadontho kakuda kozungulira, kukula ngati chivundikiro cha mphika.

Chitsulo chinalowa mosavuta, chinalowa, kenako chinati gu. Anagogodanso. Mawu ake anali a chinthu chokhala ndi mimba.

Kamgoloko kanatuluka kali bii, koterera ngati khanda. Dambo silioletsa zinthu, limangozidetsa. Zomangira zake za nthambi zopota zinali zikadagwira. Anakakumbatira n'kukapendeketsa pafupi ndi khutu, ndipo m'katimo munamveka kuti khuvu, chapansipansi. Kanali katachepa kwambiri, mwina dambo linamwako gawo lake, koma kanalimo.

Raonaid anamuona akutsika phiri atawerama kuposa masiku onse, n'kuthamanga kukamulandira.

"Akupuma?"

"Akupuma. Akuti ndiuze anthu a boma kuti m'nyumba muno mulibe kanthu koma nkhuku."

Anatokosa chotsekera ndi nsonga ya mpeni. Fungo linadzaza nyumba yonse, la utsi, la balere wonyowa, la chinthu china chokoma ngati zipatso zouma, mpaka ng'ombe, imene kwathu imagona m'nyumba momwemo kuchipinda chake, inatembenuza mutu. Wisikiyo anali wofiirira ngati tiyi wosathira mkaka. Marsaili analawa kaye ndi chala, n'kudikira, n'kugwedeza mutu. Anatenthetsa madzi, anasungunula uchi wotsala m'kambiya, n'kusakaniza. Raonaid anadzutsa nkhalamba ija n'kuigwira kumsana.

Fearchar ananunkhiza, maso ake n'kubwerera m'nyumba. Anatseka pakamwa.

"Ndinalumbira, amake Eachann."

"Munalumbirira kapu. Iyi ndi supuni. Yasamulani."

"Koma ameneyu si wa kutsidya. Ndi wa manja anga."

"Ndiye muzidandaula kwa mwini wake. Yasamulani, dzanja likulema."

Anayasamula. Anasunga madziwo m'kamwa nthawi yaitali, maso ali chitsinzinire, asanameze. Msozi umodzi unatsika n'kusochera m'ndevu.

"Anafulumiza moto," anatero. "Mnyamata wopupuluma ameneyu. Akanadikira pang'ono."

"Anali ndi mkazi watsopano. Maganizo sanali pamphika."

Raonaid anabisa nkhope kumsana kwa apongozi akewo, mapewa akugwedezeka.

Anapitiriza choncho tsiku lonse, supuni, kudikira, supuni ina. Wisiki wina anathira m'manja n'kumutikita pamsana ndi m'nthiti mpaka khungu linafiira, kenako anamuunjikira mabulangete onse a m'nyumba ndi zikopa za nkhosa. Marsaili anakhala pambali, dzanja lili pamphumi pa mwamuna wake, akuwodzera n'kudzidzimuka. Nthawi ina analota akuyendabe m'chigwa chija, chigwacho chikungotalika, khoma likuthawira kuphiri. Atadzidzimuka, kuwala kwa madzulo kunali kutalowa pakhomo, ndipo chikhatho chake chinali chonyowa. Anayang'ana. Thukuta linkatuluka pamphumi, m'khosi, kuseri kwa makutu, mpaka pilo anada.

Sanauze Raonaid msanga. Anakhala kaye akumvetsera timiyala tija m'chifuwa, tikumasuka kamodzikamodzi.

Abusa atabwera kudzazonda anati pemphero la mpingo lamveka, ndipo ananunkhiza m'mwamba kawiri koma sanafunse kanthu. Raonaid mpaka lero amati imfa inangotopa ndi makani a apongozi ake. Marsaili sanatsutse aliyense. Fearchar anakhalanso ndi moyo zaka zingapo, wowonda, woyenda ndi ndodo, akulondolera anyamata kadulidwe ka zidina atakhala pamwala.

Koma tsiku limene Marsaili anadziwa kuti wachiradi linali m'mawa wina, sabata isanathe chitulukire thukuta lija. Anamva mawu kuchokera pabedi, okalipa, a pa Sabata.

"Amake Eachann. Maenje aja munakwirira?"

"Maenje ati?"

"Amene munakumba m'tsinde mwa khoma langa, kuyambira pamwala mpaka kungalande. Ndi lina lija la pakati pa chigwa. Mukufuna nkhosa za anthu zithyoke miyendo, anene kuti mkazi wa mkulu wa mpingo wasanduka mfuko?"

"Dzana lomweli mumalankhula ndi matanga, lero mwayamba kulamula."

"Nkhosa sizidziwa kuti ndinadwala."

Marsaili anavala nsapato zija n'kutenga fosholo. Ali pakhomo anamva nkhalambayo itayambana kale ndi Raonaid, ikuti phala lachepa mchere, Raonaid akuti lilime ndi limene lapsa ndi mankhwala a mnyamata wopupuluma uja. Anaima panja, mutu atatsamiritsa pakhoma la miyala, osaoneka kwa awiriwo, n'kumvetsera mkanganowo mpaka phala linatha m'mbale.